Hilux yanga yadyeka ndi dzimbiri, ndikufuna ndiikonze ndi kupenta ndekha pakhomo, ndiyambire pati?

Bambo_a_Chiso

Moni nonse akuluakulu. Pepani ndilemba zambiri koma ndikufuna mumve bwinobwino vuto langa musanandiyankhe.

Ndili ndi Toyota Hilux single cab ya 1994, ija ya injini ya 3L, 2.8 dizilo. Anandisiyira ndi malemu bambo anga aang'ono, ndipo iwowo anaigulanso ili yakale kale, moti ikanakhala munthu bwenzi pano ikudya penshoni. Injini ilibe vuto olo pang'ono, m'mawa wa June kuzizira konse kuja kwa kuno ku Mponela ndimangodikira kagetsi ka ma glow plug kathime kenako kamodzin'kamodzi yalira. Ndi imene ikundidyetsa, nthawi yokolola ndimatuta chimanga ndi soya, mabelo a fodya kuchotsa kumidzi, October ndi November ndi feteleza basi, tsiku la msika mukudziwa kale zimene timachita.

Vuto ndi bodi. Kumbuyo konyamulira katundu pansi paboka malo atatu, bowo lina mpaka dzanja langa limalowa, soya amatayikira mumsewu ndinachita kuikapo kachidutswa ka lata ndi mwala pamwamba. Pansi pa zitseko zonse ziwiri penti watupa matuza ngati munthu wapsa ndi phala. Pamwamba pa windscreen pomwe pali labala pali mzere wofiira ndipo mvula ikagwa madzi amadonthera pa bondo la amene wakhala kumanzere, madam anasiya kukwera nthawi ya dzinja amati bola kabaza kkkk. Pokhala batire ndiye musachite kunena, padyeka ngati mapazi a munthu wa matekenya.

Ndinapita nayo pa garaja ina ku Lilongwe anandiuza mtengo woti nditagulitsa ng'ombe ziwiri mwina ndi pomwe ndingafikepo. Ine ndalama imene ndingaike pambali ndi ya matumba angapo a soya basi. Ndili ndi gilayinda yaing'ono, shedi ya fodya yomwe pano ili pululu, mnyamata mmodzi wondithandiza, komanso pa trading pali mkulu wina wowotcherera mawindo ndi mageti.

Ndiye funso langa ndi lakuti, mabowowa ndingangomata ndi fila? Penti ndigule wanji woti asasupuke chaka chomwecho? Ndipo popanda kompulesa zingatheke kapena ndikulota? Sindikufuna iwale ngati yochokera ku Japan dzulo, ndikungofuna dzimbiri liime, COF (chiphaso choti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu) isamavute, komanso anthu asiye kuitchula kuti chigubu.

Madala_wa_ku_Biwi

Achimwene a Chiso, mwafunsa bwino ndipo mwafunsa nthawi yabwino mvula isanayambe. Ine ndamenya mabodi zaka zambiri ku Biwi kuno mpaka msana unakana, ndiye ndikuuzani mmene ndingamuuzire mwana wanga.

Penti muiwale kaye. Musagule olo lita imodzi sabata ino. Tengani hamala yaing'ono ndi sikuludalaiva yakuthwa, galimoto muitsuke pansi ponse matope achoke, mugone pansi pake pa chiguduli muyambe kugogoda chesesi kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Chitsulo chamoyo chimalira ngwee, chodyeka chimayankha kuti phu phu ngati mukumenya chikuni chofumbwa. Makamaka muone pomwe pamangidwa masipuling'i akumbuyo ndi mbali ya mkati pafupi ndi thanki, ma Hilux amenewa chesesi yake ndi ya bokosi, matope amalowa mkati osatuluka ndiye imadyeka kuchokera mkati inu kunja mukuona ngati zili bwino. Chesesi ikakhala kuti yafooka ndalama yanu yonse ipite kumeneko, chifukwa galimoto yowala imene yathyoka msana ili ndi matumba 20 pamsana ndi maliro amenewo.

Chimene chakudyerani kumbuyoko ndi feteleza, osakaika. Urea ndi CAN uja wa fodya amakoka chinyezi, thumba likangodontha pang'ono timibulu timalowa m'mizere ya pansi muja, usiku mame agwa, basi asanduka madzi a mchere ndipo amagwira ntchito usana ndi usiku osalipidwa. Mukakonza koma n'kupitiriza kunyamula feteleza pa chitsulo chosayala kanthu, osatsuka, chaka chamawa mudzalembanso pano.

Tsopano za mabowo. Fila si chitsulo. Fila ntchito yake ndi kusalaza pamene pawotchereredwa kapena pamene pali kachibonyongo kakang'ono, ndipo asapose mamilimita atatu kunenepa kwake. Mukamata bowo ndi fila, kuseri kwake kumakhala poyera, amamwa madzi ngati mbatata yootcha, pakatha miyezi ingapo pa msewu wa mabampu amang'aluka n'kugwa chigamba chonse. Bowo mankhwala ake ndi amodzi, dulani ndi gilayinda mpaka mufike pa chitsulo choyera chonenepa bwino, ngakhale bowo likule kawiri musachite mantha, kenako muikepo chigamba cha chitsulo. Zigamba musagule shiti yatsopano, pitani kwa ogulitsa zitsulo zakutha mukagule boneti kapena chitseko cha galimoto yochita ngozi, chitsulo chake chimafanana ndi chanucho. Malata ofolera nyumba ayi, ndi opyapyala komanso utsi wake powotcherera umadwalitsa.

Mkulu wanu wa mageti uja mumufunse kaye ngati anagwirapo bodi ya galimoto. Makina a ma rodi aja pa chitsulo cha zitseko chosakwana milimita imodzi amangoboola, mukafuna kutseka bowo limodzi mumatuluka ndi asanu. Pansi pa kumbuyo angathe chifukwa mpokhuthala, koma zitseko ndi pa windscreen pezani wa gasi, ndipo aziwotcherera modontheza, apa pang'ono, adumphe, apo pang'ono, chitsulo chizizizira, apo ayi chimapindika ngati chipapati ndiye mudzathera fila chitini chonse kuwongola.

Pa windscreen palibe chidule, galasi lichoke. Dzimbiri limene mukuliona pamwamba pa labala ndi mwana chabe, make ali pansi pa labalayo. Pokhala batire tsukani kaye ndi madzi osungunulira soda wophikira uja, muona pakuchita thovu, ndiye kuti asidi akufa, mubwereze mpaka thovu lisiye kenako ndi pomwe mupale.

Sandipepa muyende naye motere, 80 pochotsa penti wakale ndi kuumba fila, 180 posalaza fila, pulaimala (penti woyamba wogwira pa chitsulo) akauma 320 kapena 400, kenako 600 wa madzi musanapake penti womaliza. Fila musamukweche ndi madzi, ndanena kale kuti amamwa. Posakaniza, fila wokwana ngati dzira laling'ono hadina wake (mankhwala omulimbitsa) ngati njere ya nzama, ndipo kutentha kwa October mumakhala ndi mphindi zitatu kapena zinayi asanalimbe, ndiye muzisakaniza pang'onopang'ono. Anyamata ambiri amathira hadina wambiri kuti aume msanga, mapeto ake penti woyera amatuluka mawanga pamwamba.

Ndipo chitsulo mukachipala chisagone chamaliseche. Chimene mwapala lero chipakidwe pulaimala lero lomwe. Mame a usiku umodzi okha m'mawa mupeza chayamba kufiira.

Jah_Kabaza_265

Aaa madala mukumuopseza munthu kkkkk. Man ingogulani fila zitini ziwiri, mabowo mutseke ndi gozi wa pawindo uja, sipule za m'zitini zija khumi, Loweruka limodzi mwamaliza. Ine Corolla yanga ndinapanga choncho ndipo ndinaigulitsa bhobho munthu osadziwa kanthu. Galimoto ya 1994 mukufuna muisamale ngati mkazi wachiwiri? Dzimbiri mungothira Coca-Cola limachoka lokha ndinaona pa YouTube.

Nabanda_Usipa

A Jah_Kabaza ndiye inu amene mumatigulitsa magalimoto omata ndi phala eti? Mulungu akukuonani.

A bambo a Chiso, ine si makaniko, ndine mzimayi wa geni ya nsomba, ndimatenga usipa ndi utaka ku Mangochi kupita nazo ku Limbe pa ka Dyna kanga ka matani awiri. Za kuwotcherera mverani madalawo, ine ndiyankha za kupenta popanda kompulesa chifukwa ndinapanga ndi manja angawa ine ndi mchimwene wanga, ndipo pano papita mvula ziwiri penti akadali pomwepo.

Tinagwiritsa ntchito enamel wa mafuta, gloss uja amapaka pa mageti ndi mafelemu a mawindo, ndi rola yaing'ono ya siponji, osati ya ubweya yopentera khoma ija, imeneyo imasiya tsitsi paliponse. Chinsinsi chake ndi kumusungunula ndi tepentaini mpaka akhale ngati mkaka, osati ngati phala. Ukapaka koyamba umakhumudwa, pansi pamaonekabe, mchimwene wanga anafuna kutaya rola n'kumapita. Koma ndi mmene zimayenera kukhalira. Timapaka kamodzi m'mawa, n'kusiya tsiku lonse ndi usiku, mawa lake kukwecha pang'ono ndi 600 wa madzi oikamo kasopo, kupukuta, kupakanso. Tinapaka kasanu. Kabini yokha ndi zitseko inatha malita osakwana anayi. Rola ikasiya tithovu ting'onoting'ono umadutsanso mopepuka osakanikiza, timaphulika tokha. M'makona ndi mozungulira mahinjesi timalowa ndi kabulashi kofewa.

Ukaima pafupi kwambiri umaona kuti pamwamba pake pali ngati khungu la lalanje, sindinama. Koma ukaima mapazi asanu palibe amene amadziwa, madalaivala anzanga pa depoti amafunsa kuti munapopetsa kuti.

Zimene ndinalakwitsa ndikuuzeni kuti inu musabwereze. Tsiku lachitatu tepentaini anatithera, mchimwene wanga anathamangira pa hardware anabwera ndi thina uja wa fungo lamphamvu amene amasungunulira penti wopopera. Tinangoti zonse ndi zosungunulira. Mayo ine. Titangopaka chitseko cha dalaivala penti wa dzulo lake anayamba kukwinyika tikuona, ngati nkhope ya agogo, mphindi zisanu chitseko chonse makwinya okhaokha. Tinadikira masiku anayi kuti chiume n'kupala chonse kuyambiranso. Ndiye chimene chalembedwa pa chitini kuti musungunulire ndi chimenecho basi, ndipo pulaimala ndi penti zikhale za banja limodzi, mufunse wogulitsa ndipo muyese kaye pa kachitsulo kapadera.

China ndi nthawi. Musapente madzulo. Ife tsiku lina tinachedwa tinapaka cha m'ma 4, kutada tinayatsa getsi mu shedi kuti tione mmene zaumira, tizilombo tonse ta m'boma la Mangochi tinabwera kumaliro pa kabini. M'mawa tinapeza tamatirira miyendo m'mwamba. Pakani cha m'ma 7 kapena 8 mame atauma koma mphepo isanadzuke, ndipo pansi muwaze madzi kuti fumbi lisanyamuke. Shedi yanu ya fodyayo musese denga lake kaye, zinyalala za fodya zimagwa zokha, ngati muli ndi lona mumange pamwamba ndi m'mbali. Nkhuku mutsekere. Padzuwa penipeni musapakirepo, chitsulo chikatentha penti amauma rola isanamalize mzere.

Enamel amachedwa kulimba, pamwamba amauma tsiku limodzi koma mkati amatenga masabata. Ine ndinapupuluma kumanga chingwe cha katundu podutsa pa denga patangotha masiku asanu, mzere wake ulipo mpaka lero. Ndiye muwerenge bwino masiku, musapente sabata yoti mawa lake mukanyamule feteleza.

Kumbuyo kwanga madzi a nsomba ndi amene amadya, ndinapaka red oxide kawiri, pamwamba penti wakuda wa phula uja, kenako ndinayala matabwa ndi labala ya lamba wakale wa pa chigayo. Koma muzichotsa n'kutsuka pansi pake, mukangoyala n'kuiwala chinyezi chimabisala momwemo.

Mjoni_Spraypainter

Moni kumudzi. Ine ndili ku Johannesburg ndimagwira ntchito yopopera magalimoto pa panel shop ina, chaka chachisanu ndi chimodzi tsopano. Madala a ku Biwi anena zoona zokhazokha, ndingowonjezera pang'ono pa zimene ndimaziona kuno tsiku ndi tsiku.

Choyamba, wina akubwera kudzakuuzani kuti gulani penti wa 2K, wosakaniza ndi hadina, ndi amene amawala komanso kulimba. Ndi zoona amawala ndipo dizilo akatayikira sasungunuka. Koma hadina wake ali ndi mankhwala otchedwa isocyanate, ukawapuma popopera amawononga mapapo, munthu amayamba chifuwa cha mphumu chosatha ndipo ena chimawagwira atangopopera kangapo. Kamasiki ka pepala kapena kansalu kaja timavala nthawi ya Covid sikatchinga kanthu. Kuno timapopera mu booth yokoka mpweya titavala chigoba cholandira mpweya wa paipi. Mu shedi ya fodya ana akusewera panja, ayi ndithu musayerekeze. Njira ya rola imene anena mayi a Nabanda ndi yabwino kwa inu, ndipo olo imeneyo zitseko za shedi zikhale zotsegula.

Mukaganiza zobwereka kompulesa, tija ta malita 24 timathera mpweya pakati pa boneti, gani yopopera imayamba kulavula madontho. Komanso thanki yake imasunga madzi, osaitsegula kunsi m'mawa uliwonse madziwo amatulukira mu penti. Ndiye munthu wosazolowera, penti theka amathera mumpweya, wina amayenderera m'zitseko ngati mamina. Sipule za m'zitini zimene akunena a Jah_Kabaza ndi zabwino pa bampa kapena ma rim, koma galimoto yonse mudzagula zitini zambirimbiri, mtengo kuposa enamel, ndipo penti wake ndi wopyapyala amafwifwa msanga padzuwa la kwathu.

Za Coca-Cola musaseke kwambiri, muli phosphoric acid pang'ono zedi, koma ndi wochepa moti mungoitana nyerere. Chimene mukufuna ndi rust converter, m'ma hardware akuluakulu amapezeka. Ameneyo amasandutsa dzimbiri lofiira kukhala lakuda lolimba loti penti agwirepo. Koma samalani, amagwira pa dzimbiri lopyapyala lotsalira m'timaenje mutapala kale ndi bulashi ya waya. Mukathira pa zikhungwa zonenepa amangodetsa pamwamba pansi likupitiriza kudya. Mabawuti ndi tizitsulo ting'onoting'ono muviike mu viniga usiku wonse, m'mawa mutsuke, muumitse, mupake oilo.

Musanapake chilichonse bodi itsukidwe ndi sopo wa ufa kenako mupukute ndi kansalu koviika mu tepentaini, makamaka mbali ya pothirira dizilo. Mafuta kapena polishi wa dashboard uja akangokhudza, penti amathawa n'kusiya timaso tozungulira ngati maso a usipa, ndipo simungatitseke popaka wina pamwamba.

Powotcherera chotsani mawaya a batire, mpando ndi kapeti zituluke, ndowa ya madzi ikhale pafupi ndipo mnyamata wanuyo ntchito yake ikhale kuyang'ana kuseri kwa pamene akuwotcherera. Kumbuyoko thanki ili pansi pomwepo, ngati mungathe masulani bodi yonse ya kumbuyo muitsitse pansi, ndi mabawuti ochepa okha, anthu asanu ndi mmodzi amainyamula. Mukatero chesesi yonse ikhala poyera muipale bwinobwino. Gilayinda ndi magalasi kumaso nthawi zonse, ndaona anthu akuchotsedwa kachitsulo m'diso kuchipatala, si zoseketsa. Za malata zimene anena madala ndi zoona, utsi woyera wa zinc uja usiku wake umanjenjemera ngati malungo.

Nambala ya chesesi musaipale ndi gilayinda olo pang'ono, ndipo musaikwirire ndi phula. Ingopukutani ndi bulashi ya m'manja mupake kagirizi. Ikaoneka ngati yagwidwagwidwa mudzavutika kufotokoza ku Road Traffic.

Bambo_a_Chiso

Zikomo kwambiri nonse, ndabweranso patatha masabata awiri kuti ndikuuzeni mmene zikuyendera.

Madala, hamala ija ndinayenda nayo. Chesesi ikulira bwino mbali zonse kupatula malo amodzi kumanzere pafupi ndi sipuling'i yakumbuyo, pamenepo sikuludalaiva inalowa theka ndipo nditasokosa munatuluka dothi lofiira losakanikirana ndi zikhungwa za dzimbiri lodzaza mbale ya nsima. Mtima unagunda koma owotcherera ati mpochepa, adzadula adzaikapo puleti yokhuthala. Bodi ya kumbuyo tinaitsitsa monga ananenera achimwene a ku Joni, tinalipo asanu ndi awiri ndipo ndinalipira ndi thobwa ndi mandasi. Mabawuti awiri anakana tinachita kudula.

Koma zimene ndapeza pa chitseko cha kumanzere ndi zimene zandipangitsa kuti ndilembe usiku uno. Ndimapala matuza aja ndi 80, ndikuona fumbi loyera likungotuluka osafika pa chitsulo. Ndinatenga maginito a sipika yakale kuyendetsa pa chitsekopo, pamwamba akugwira, kufika pansi akugwa. Nditagogoda ndi hamala chinagwa chibuma cha fila chonenepa ngati sopo wa mtanda, kuseri kwake kuli gozi wa pawindo ndi pepala la thumba la simenti lopindapinda, lonyowa ngakhale mvula inasiya April. A Jah_Kabaza kapena munali inu kkkkk. Pansi ponse pa chitseko palibe chitsulo, ndi zingwe za dzimbiri zokhazokha ngati ukonde. Ndipo timabowo totulutsira madzi tija pansi pa chitseko amene anamatayo anatitseka tonse ndi fila, ndiye madzi olowa pa galasi amangokhala momwemo zaka zonsezi.

Ndapeza chitseko china kwa ogulitsa zakutha ku Lilongwe, chofiira, chili ndi kachibonyongo kamodzi koma pansi pake ndi pabwino, mtengo wake ukuposa pang'ono ndalama imene wa gasi amafuna kuti apange pansi patsopano. Nditenge chimenecho kapena tiwotcherere chakalechi?

Windscreen tinachotsa osasweka, mwamwayi. Pansi pa labala panali timabowo tinayi ngati ta misomali. Labala yake yauma ngati chikopa, poichotsa inathyoka pawiri ndiye ndiyenera kugula ina, ndalama imene sindinawerengere.

Funso lomaliza, galimotoyi ndi yoyera koma madam akuti poti tikupenta tipange ya buluu ngati ya Nomads, ine wa Bullets ndiye nkhondo ilipo kale m'nyumba. Kusintha mtundu kuli ndi vuto?

Nabanda_Usipa

Kkkkk chitseko chofiira chabwera chokha kudzakuthandizani pa mlanduwo. Koma ine ndingati siyani yoyera. Penti wakuda kapena wa buluu amaulula chibonyongo chilichonse ndi mzere uliwonse wa rola, woyera amabisa. Komanso October muli mu kabini yopanda AC mudzawakumbukira mawu angawa.

Madala_wa_ku_Biwi

Achimwene mwagwira ntchito, ambiri akaona dothi likutuluka mu chesesi amangotseka maso n'kupaka phula pamwamba.

Chitseko tengani chofiiracho. Pansi pa chitseko pamakumana zitsulo ziwiri zopindirana, kupanga patsopano ndi gasi kuti pakhale mowongoka ndi ntchito ya munthu wozolowera kwambiri, ndipo mukatha apo mudzathiranso fila wambiri. Koma mupite ndi maginito anuwo mukachiyeze pomwepo musanapereke ndalama, ndipo muone kuti mahinjesi ndi loko zikufanana ndi zanu, ma Hilux a zaka zoyandikana amaoneka ofanana koma zitseko zina sizilowana. Ngati n'kotheka nyamulani chakalecho mukaziike pamodzi. Penti wofiirayo simuyenera kumuchotsa yense ngati wagwira bwino, mukwecheni ndi 320 asiye kuwala, mupake andakoti kawiri chifukwa chofiira chimakonda kuonekera pansi pa choyera.

Puleti ya pa chesesi awotcherere ndi makina a ma rodi aja, pamenepo ndiye mkulu wa mageti ali pakwawo. Puletiyo ipitirire bowo mbali zonse ndipo nsonga zake azidule mopendeka ngati mutu wa nsomba, asawotcherere mzere woongoka kuchoka pamwamba kufika pansi pa chesesi, pamathyokera pomwepo mukalemetsa katundu. Akamaliza lowetsani paipi ya madzi m'mabowo a chesesi mutsuke mpaka madzi atuluke oyera, muisiye padzuwa masiku awiri atatu iume, kenako thirani oilo mkati. Ife timagwiritsa ntchito oilo wakutha wosakaniza ndi girizi pang'ono, timapopera ndi botolo loboola pachivindikiro ndi kapaipi. Asakhudze mabuleki ndi malabala a masipuling'i, ndipo pansi muyale makatoni chifukwa idontha sabata yonse. M'zitseko chimodzimodzi, koma mukatha kupenta osati musanapente, apo ayi maso a usipa aja akupezani. Timabowo ta pansi pa zitseko muzitokosa ndi kawaya mvula ikamayamba.

Timabowo tinayi ta pa windscreen wa gasi atseke ndi brazing (kuwotcherera ndi waya wa mkuwa), musalole fila pamenepo. Pakauma pulaimala ndi penti mudikire sabata musanabwezere galasi, labala yatsopano imakanda penti wosakhwima.

Za mtundu, mayiwo anena kale za kutentha. Ine ndiwonjezere kuti mtundu wa galimoto unalembedwa mu blue book, mukasintha muyenera kukasinthitsanso mapepala ku Road Traffic, ndi ndalama ndi masiku amenewo. Komanso mudzayenera kupenta mkati mwa zitseko, pansi pa boneti ndi m'kabini, apo ayi mukatsegula chitseko izioneka ngati mbuzi ya mawanga. Auzeni madam kuti buluu mupaka mzere umodzi m'mbali basi. Ma reflector mugule atsopano, ofiira kumbuyo oyera kutsogolo, akalewo musavutike kuwamata tepi ingowachotsani.

Jah_Kabaza_265

Chitseko chimenecho si ine man, ine ndimaika katoni osati pepala la simenti kkkk. Koma chitseko chakalecho musataye, ndikufuna makina okwezera galasi ndi handulo yake, ndidutsa pa Mponela Lachisanu.